Kuchokera ku Chembe Kukafika ku Khondowe

Lolemba, Monkey Bay

Tanyamuka ku Limbe kusanatenthe, ine ndi mayi anga, chikwama chimodzi ndi jumbo ya nthochi. Mwini ulendowu ndi iwowo. Bambo awo anali Mtonga wa ku Chintheche amene anaphunzira ku Khondowe, komwe kuli mishoni ya Livingstonia, n'kudzagwira ntchito ya ukalaliki ku Blantyre, ndiye mayi akula akungomva dzina la Khondowe pakamwa pa bambo awo, osapondako phazi. Chaka chino anangoti, "Mwananga, maondowa akutha. Ukachedwa udzandikweza phiri limenelo pa wilibala." Ine ndinawonjezerapo chimodzi chokha: ngati tikupita, tiyambire kumene mishoni ya Livingstonia inayambira, ku Cape Maclear, pamudzi wa Chembe, tidzere ku Bandawe, kenako tikwere phiri. Ambiri sadziwa kuti mishoniyi inasamuka kawiri isanakhazikike kumtunda kuja.

Pa Liwonde minibasi itaima pafupi ndi baraji, ndinawalozera mtsinje wa Shire. M'madzi amenewa munadutsa Ilala yoyamba mu 1875. Sindikunena sitima ya lero ija yoyenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba ayi, koma kasitima ka nthunzi kamene E. D. Young ndi Dr Robert Laws anabwera nako kuchokera ku Britain. Pakati pa Chikwawa ndi Matope mtsinjewu uli ndi mathithi, sitima singakwere. Choncho anaimasula yonse, chitsulo ndi chitsulo, bawuti ndi bawuti, n'kusenzetsa anthu mazanamazana amene mafumu a Amakololo anawasonkhanitsa. Anthuwo anayenda makilomita pafupifupi 100, m'miyala, nyengo yotentha, zitsulo zili pamutu, malipiro ake nsalu. Atafika kumtunda kwa mathithi n'kuyamba kulumikiza, sipanasowe kachitsulo ngakhale kamodzi. Nthawi imeneyo chitsulo chinali chuma, khasu ankagulira nalo zinthu. Munthu mmodzi akanangoti kachitsulo aka ndikasulira mpeni, sitima ija sikanayandama. Anthuwo sanali Akhristu, ndipo m'mabuku a mbiri ya mishoni mayina awo mulibe.

Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Lero ukatumiza matumba 10 a simenti kutchalitchi amafika 8, awiriwo akuti anang'ambika panjira." Bambo wina wa mpando wakumbuyo anaseka mpaka kutsokomola. Ine kuseka kwanga kunali kwapang'ono, poti ndine msungichuma wa mpingo wathu ndipo malisiti a simenti amadutsa m'manja mwanga.

Tafika ku Monkey Bay dzuwa litapendeka. Nsima ya usipa wofutsa, kenako tulo.

Lachiwiri, Chembe

Msewu wa ku Chembe umapyola m'kati mwa Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo chimene chimatetezedwa kwenikweni si njovu kapena mikango, ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, tosakwana n'chikhatho chomwe. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la malo ofunika padziko lonse chifukwa cha tinsomba timeneti. Mayi atamva anangoti tinsomba toti sungadyere nsima n'kukhala ndi alonda ake, dzikoli lili ndi zambiri.

Manda a amishoni ali kumapeto kwa mudzi, chakumbali ya Otter Point, patsinde pa phiri. Ndi manda ochepa, opanda chodabwitsa. Mmodzi mwa ogona pamenepo ndi Dr William Black, amene anamwalira mu 1877 asanakhalitse n'komwe. Malungo anawapulula pano, nthawi imeneyo munthu asanadziwe kuti mwini malungo ndi udzudzu. Pano ndi pomwenso Laws, mu 1876, anachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, chinthu chimene anthu a m'mbali mwa nyanja anali asanachionepo.

Koma werengani nane monga amawerengera msungichuma. Zaka pafupifupi 6, ndalama zambirimbiri zochokera ku Scotland, manda 5, wobatizidwa mmodzi. Mmodzi basi, Albert Namalambe, mu Malichi 1881. Lipoti lotere mutalibweretsa kumsonkhano wa seshoni lero, wapampando sangadikire kuti mumalize kuwerenga. Tonse tingagwirizane kuti ntchitoyo yakanika, itsekedwe. Ndipo zoonadi chaka chomwecho anasamuka, chifukwa cha malungo komanso chifukwa malowa analibe anthu ambiri, ndipo dera lonse linali m'manja mwa mfumu Mponda, amene ankachita malonda a akapolo. Amene anatsala akusamala sukulu ndi mapemphero pano ndi Namalambe yemweyo. Lero Sinodi ya Livingstonia ili ndi mipingo m'chigawo chonse cha kumpoto, zipatala, masukulu, ndi yunivesite yomwe. Mneneri Zekariya anafunsapo anthu ake, pa 4:10, kuti ndani amene akupeputsa tsiku la zinthu zazing'ono. Kunena zoona ambirife timalipeputsa, makamaka ife ogwira mabuku a ndalama, chifukwa chinthu chosaoneka pa lipoti timachiyesa kuti palibe.

Chimene chinandigwira mtima pamandapo n'china. Panali posesedwa. Mizere ya tsache inali kuonekabe pamchenga, yokhotakhota mozungulira manda aliwonse, masamba atawunjikidwa pambali. Wosesayo sitinamuone. Mayi anayang'ana mizere ija n'kunena kuti wasesa ndi munthu wodziwa kusesa, chifukwa wayambira kumutu kumapita kumiyendo ndipo sanasiye mapazi ake. Kenako anawerama, maondo omwe aja akuti akutha, n'kuzula tiudzu tiwiri titatu timene tinatsalira m'mphepete mwa mwala. Anapemphera mwachidule, ine ndili chiimire ndi foni m'manja.

Madzulo tinakhala pagombe kuonerera asodzi akukonza nyali zokopera usipa. Alendo achizungu ali m'madzi kuthamangitsa mbuna zija.

Lachitatu, Salima

Tadzera msewu wa Golomoti n'kutsika pa Mtakataka kuti tione Mua. Mayi poyamba ananyinyirika, akuti ife a CCAP tikatani kwa Akatolika, koma ndi iwo amene anavuta kutulukamo. Mishoni ya Mua anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada anatsegulapo KuNgoni, malo a zosemasema ndi chikhalidwe. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu zambirimbiri, ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Panja tinapeza mmisiri akusema chifanizo cha Maria atabereka mwana kumbuyo ndi mbereko. Anali pa zala za mwanayo, akupala ndi kampeni kakang'ono, osathamanga.

Mayi wina wogulitsa mandasi pachipata anatiuza kuti akuweruka msanga lero, kuli msonkhano wa mphakati kwa mnzawo amene mwamuna wake wagonekedwa m'chipatala. Miphakati imeneyi inakhazikika m'zaka za m'ma 1970, maepiskopi a Katolika a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, atagwirizana kuti moyo wa mpingo uzikhala m'timagulu ta mabanja oyandikana, ndipo kuno kwathu Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anaikokera patsogolo kwambiri nkhaniyi. Ife kwathu timati milaga. Mayina asiyana, koma ntchito ndi yomweyo: kudziwa kuti kwa uje sikunafuke utsi dzulo.

Zimene ndikufuna kulemba kwenikweni lero zachitika m'basi, pakati pa Mtakataka ndi Salima. Munakwera mlaliki, jekete yonyezimira, Baibulo m'khwapa, mawu ngati wameza sipika. "Chaka chino n'chako! Galimoto ikubwera! Viza ikubwera! Amene anakuseka adzakupempha lifiti!" Anthu ameni, ameni. Ali pakati pa ulalikiwo, kamwana ka mtsikana wina amene anakhala moyang'anana nafe kanasanza, pamiyendo pa mayi wake, pampando, ndi pa nsapato ya bambo woyandikana naye. Bamboyo anatukwana. Anthu anatsegula mawindo. Mtsikanayo, wamng'ono zedi, mwina mwana wake woyamba, anangogwira kukamwa misozi ili m'maso.

Mayi anatsegula chikwama chawo cha m'manja. Chikwama chimenechi ndachiona kuyambira ndili mwana koma lero ndi pomwe ndaona zonse za m'kati mwake. Munatuluka chitenje chakale chofewa ndi kuchapidwa, kachidutswa ka sopo kokulunga m'pepala, botolo la madzi, kapaketi ka Thanzi, jumbo yopinda bwinobwino, ndi supuni. Anapukuta mwana kaye, kenako mayi wake, kenako mpando, pomaliza anawerama n'kupukuta nsapato ya bambo wotukwana uja, amene anasowa poyang'ana. Chitenje chija anachiika m'jumbo n'kumanga. Anasungunula Thanzi n'kumuonetsa mtsikanayo kamwetsedwe kake, supuni imodzi, kudikira, supuni ina. "Usamumwetse kwambiri nthawi imodzi, mwana wanga, abweza. Ukatsika upite naye kuchipatala lero lomwe, usadikire mawa." Zonsezi akuchita mlaliki akupitiriza, ndipo atamaliza anayendetsa chipewa. Mayi anaponyamo K200.

Nditawafunsa chifukwa chake, anati naye ali ndi ana ofuna kudya, komanso mavesi amene anawerenga anali oona. Ine pamenepo sindigwirizana nawo kwenikweni. Sindikuti Mulungu sapatsa galimoto. Koma Chikhristu chathu cha masiku ano chazolowera kuyang'ana kutali, ku chozizwa chachikulu chimene chikubwera, mpaka mwana wosanza pampando woyandikana timamuona ngati wosokoneza mapemphero. Yesu pa Mateyu 10:42 analonjeza mphotho pa chikho cha madzi ozizira. Chikho cha madzi sungakachitire umboni kutsogolo kwa mpingo anthu n'kuimba nthungululu, n'chifukwa chake ochita zimenezi akuchepa. Chikwama chija sichinadzaze chokha. Ndi zaka zambiri za Mvano, Lachinayi lililonse kuyendera odwala, kuchapa zofunda za nkhalamba, kugona pamaliro. Munthu amafika podziwa zoyenera kunyamula.

Lachinayi, Chintheche

Lero linali tsiku la msewu. Pa Chia anyamata anatizinga ndi nsomba m'manja, chambo chili phiriphiri, koma tikanachiphikira kuti? Ku Nkhotakota tinaima pang'ono kuona mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Livingstone anachoka osaphula kanthu, malondawo anapitirira zaka zina 30. Pafupi pomwepo, m'tchalitchi cha Anglican cha All Saints, muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895 ali paulendo wokayamba ntchito yake ya ubishopu ku Likoma.

Kenako minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, milatho yopapatiza, mbuzi, ndi dzuwa. Titadutsa Dwambazi chilankhulo m'basi chinasintha, mayi n'kuyamba kutchera khutu. Chitonga chawo n'cha mawu owerengeka, koma atalonjera mayi wina n'kuyankhidwa, nkhope inawala. Usiku tadya kondowole. Ine wandikanika pang'ono kumeza, iwo anamaliza mtanda wonse n'kunena kuti bambo awo ankadandaula moyo wawo wonse kuti ku Blantyre anthu amadya gaga.

Lachisanu, Bandawe

Kuno mishoni inafika mu 1881 ndipo zinthu zinasintha msanga. Atonga anali pampanipani ndi nkhondo za Angoni ochokera kumapiri, ndiye anawalandira amishoni, ndipo sukulu anazikonda kuposa mmene amishoniwo ankayembekezera. M'zaka zochepa ana zikwizikwi anali m'masukulu a m'midzi, ophunzitsa ake anyamata a Chitonga omwewo. N'chifukwa chake akalaliki, akapitawo ndi aphunzitsi a Chitonga anadzapezeka paliponse, ku Blantyre, ku Salisbury (Harare ya lero), ku migodi ya ku Joni. Agogo anga anali mmodzi wa iwo.

Tchalitchi chakale cha njerwa chilipobe, ndipo chapafupi pali manda a amishoni, ena a ana aang'ono. Pali manda a Mamie Martin, mkazi wa m'busa Jack Martin, amene anamwalira mu 1928 pobereka. Mayiyu anakhala kuno zaka zochepa chabe, ndipo chimene ankalimbikira n'choti atsikana nawonso apite kusukulu, nkhani imene amuna ambiri a nthawiyo, akuda ndi oyera omwe, ankaiona ngati yachibwana. Patapita zaka zoposa 60, a m'banja lake anayambitsa thumba la ndalama m'dzina lake, limene mpaka lero limalipirira fizi atsikana m'masekondale a kumpoto kuno.

Koma Bandawe ili ndi mbali ina imene yatikanganitsa ine ndi mayi mpaka nsima kuzizira. Amishoni a ku Scotland anali anthu osamala tizinthu ting'onoting'ono mopitirira. Munthu wofuna ubatizo ankayamba kalasi ya omvera, kenako kalasi ya katekisimu, zaka zikupita, mayeso, kufufuzidwa khalidwe, ndipo m'busa woti abatize anali mmodzi pa anthu zikwi. Ena ankadikira mpaka kutopa. Elliot Kamwana, Mtonga wa konkuno amene anaphunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe, anachoka, anakakumana ndi Joseph Booth ku Cape Town, n'kubwerako ndi chiphunzitso cha Watch Tower. Pakati pa 1908 ndi 1909, m'miyezi yowerengeka, anabatiza anthu oposa 9,000, ulere, popanda kalasi. Boma la atsamunda linamugwira n'kumuchotsa m'dziko. Abusa akuda nawo anadikiritsidwa chimodzimodzi. Oyamba kudzozedwa m'mishoni ya Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, atamaliza maphunziro kalekale. Mwasi anadzatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wakewake.

Mayi akuti amishoni ankachita bwino. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Za Mulungu sathamangira. Lero munthu walowa m'tchalitchi Lamulungu, Lamulungu linalo ndi mneneri." Pamenepo akunena zoona, sindikana. Koma ine ndikuti kudekha kumakoma ukakusankha wekha, osati wina atakhala pampando n'kumakuuza kuti dikira, iye atanyamula makiyi. Yesu yemwe uja anayamikira chikho cha madzi ndi yemwenso anadzudzula Afarisi pa Mateyu 23:23, kuti amapereka chakhumi cha timbewu, katsabola ndi chitowe koma asiya chiweruzo cholungama, chifundo ndi chikhulupiriro. Tizinthu tating'ono tili pawiri. Pali timene umachitira mnzako, ndipo pali timene umayezera mnzako kuti umutsekere kunja.

Ndinawapatsa chitsanzo cha kwathu komwe. Munthu akamwalira, chinthu choyamba chimene timathamangira ndi khadi lake la zopereka. Likapezeka kuti lili ndi miyezi yosadinda, nkhani imayamba yoti kaya mpingo uyimbe kaya usayimbe, kaya a Mvano avale yunifolomu kaya ayi. Buku limenelo limakhala m'manja mwa anthu ngati ine. Ndaonapo gogo amene anasesa tchalitchi zaka zambiri, maliro ake akukambidwa pa mtengo wa miyezi 7 imene sanapereke ali chigonere. Kusesa kuja palibe amene anakulemba penapake. Mayi anakhala chete kanthawi, kenako anati malamulo akapanda kukhalapo aliyense azingobwera kumpingo tsiku la maliro ake. Tagona tisanagwirizane.

Loweruka, Khondowe

Tsiku lalitali. M'mawa tinadutsa m'minda ya mitengo ya labala ya ku Vizara, ana akugulitsa mipira yopota ndi labala m'mbali mwa msewu. Ku Nkhata Bay tinatsikira kudoko. Pa 3 Malichi 1959, tsiku limene boma la atsamunda linalengeza lamulo la zadzidzidzi, anthu anasonkhana pano kufuna kuti abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Asilikali anawombera, ndipo anthu osachepera 20 anafa. Ndi tsiku lija timakumbukira chaka ndi chaka. Lero padokopo amayi akugulitsa batala ndi chinangwa chophika. Nkhani ya 1959 musaiiwale, ndibwereranso mawa.

Mzuzu tinangosinthirapo basi, kuzizira kuli tseketseke. Podutsa pa Ekwendeni, pamene mishoni inakhazikika mu 1889 pakati pa Angoni omwe aja ankazunza Atonga, ndinawakambira mayi za William Koyi. Anali Mxhosa wa pasukulu ya mishoni ya Lovedale ku South Africa. Mu 1876 atapempha anthu odzipereka kubwera kunyanja, iye anaimirira n'kunena kuti maphunziro ake ndi ochepa, ali ndi theka chabe la talente, koma angathe kukatema nkhuni ndi kutunga madzi. Theka la talente lija linadzapezeka kuti ndi chilankhulo. Chixhosa ndi Chingoni n'zapachibale, ndiye Koyi ndi amene ankatha kukhala pansi ndi Inkosi M'mbelwa ndi nduna zake n'kumvana, pamene madokotala a madigiri ankangoyang'ana. Anakhala ku Njuyu, nthawi zina yekhayekha, moyo uli pachiswe, osaloledwa n'kutsegula sukulu komwe. Anamwalira mu 1886, chilolezo cha sukulu chitangoperekedwa kumene. Mayi anafunsa ngati pali tchalitchi kapena msewu wa dzina lake ku Blantyre. Ndinati sindinauonepo.

Chiweta tinatsika bwino, anyani ali m'mbali mwa msewu kudikira nthochi, nyanja ili buluu kumunsi. Pa Chitimba tinadikira mpaka pikapu itadzaza, anthu, matumba a ufa, makireti ndi mbuzi imodzi. Mayi anawapatsa malo kutsogolo. Msewu wa Gorodi, wokwera phiri kupita ku Khondowe, ndi makilomita pafupifupi 15 okha, koma uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono, mbali imodzi phiri, mbali inayo phompho. Pamakona ena galimoto simatha kukhota kamodzi, imayenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Apa ndi pamene ndinaona ntchito ya kamnyamata kamene kanakhala pamwamba pa matumba, kosalankhula ndi munthu. Galimoto ikangoima, iko kadumpha kale, mwala uli m'manja, n'kuutsamiritsa kuseri kwa tayala. Dalaivala akaponda moto, iko katola mwala wake n'kudumphiranso m'galimoto ikuyenda. Mwalawo ndi umodzi womwewo, wosalala ndi kugwiridwa, kamayenda nawo tsiku lonse. Titafika pamwamba anthu onse anathokoza dalaivala. Mayi anafunsa dzina la mnyamatayo n'kumupatsa nthochi zimene zinatsala.

Lamulungu, Khondowe

Kuno kumazizira, ndipo m'mawa nkhungu imakuta mitengo ya bulugamu ndi paini mpaka nyumba za njerwa zofiira kumaoneka mwa apo ndi apo. Laws anasamutsira mishoni pano mu 1894, kuthawa malungo a kunyanja, n'kumangapo sukulu ya Overtoun Institution yophunzitsa aphunzitsi, abusa, akalipentala, omanga, osindikiza mabuku ndi othandiza m'chipatala. Anakokera madzi a m'mipope kuchokera kumapiri, anaikapo magetsi, midzi yambiri ya ku Scotland komweko isanawaone. Anakhala m'dziko muno zaka 52, anachoka mu 1927.

Mapemphero anali m'Chitumbuka. Amayi a Umanyano, womwe ndi Mvano wa kuno, anakhala mbali yawo, zoyera zili mbee, ndipo mayi anga atawaona anadandaula kuti yunifolomu yawo anaisiya. Nyimbo zambiri za kuno si zomasulira kuchokera ku Ulaya, anazipeka ndi Akhristu oyamba a konkuno, anthu ngati Mawelera Tembo ndi Peter Thole, pa mayimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka, wina kutsogolera ena kuvomera. Ngakhale mawu osawamva onse, thupi limadziwa poyankha. Pazenera lalikulu lagalasi pali chithunzi cha Livingstone ndi anzake, kumbuyo kwawo nyanja.

Nthawi ya chopereka maso anga anapita pambale, ntchito sinama. Zimene ndinaona ndi zomwe ndimaona kwathu: ma K50, ma K100, ma K200, opindidwa kanayi, ena ofewa ngati nsanza, ochokera pamfundo ya chitenje. Ya K5,000 imaoneka mwa kamodzikamodzi, ndipo mwini wake amaiponya moti anthu aione. Ndikuuzeni monga wowerenga ndalamazi sabata ndi sabata: bilu ya madzi, malipiro a mlonda, sopo wa kuchipatala ndi thiransipoti ya abusa popita kumaliro zimachokera m'timapepala tonunkha utsi timeneti. Mabwana amathandiza pa pepala Sande, tikafuna matailosi kapena zokuzira mawu, ndipo dzina lawo timalilengeza. Koma chimene chimayendetsa mpingo mwezi ndi mwezi ndi ndalama ya mayi wogulitsa tomato. Yesu anakhala pansi moyang'anana ndi mosungira zopereka pa Marko 12 n'kuona zomwezi.

Titatuluka tinapita pakapinga wa pafupi ndi Stone House, nyumba yamiyala imene Laws ankakhalamo, yomangidwa mu 1903. Apa ndi pamene nkhani ya 1959 ikubwereranso. Zipolowe zitafalikira, boma linaganiza kuti azungu a ku Livingstonia ali pangozi. Ndege inazungulira n'kuponya uthenga wofunsa ngati akufuna kusamutsidwa, ndipo anauzidwa kuti ayankhe poika chizindikiro pansi choti woyendetsa ndege aone. Anthu a pamishoni, akuda ndi oyera, anakhala pansi n'kukambirana. Ndege itabweranso inapeza pakapinga palembedwa ndi miyala yoyera: Ephesians 2:14. Ndi vesi lija lonena kuti Khristu ndiye mtendere wathu, amene anapanga awiri kukhala mmodzi n'kugumula khoma lowalekanitsa. Palibe anasamuka. Zilembozo zilipo mpaka lero, anazilimbitsa kuti zisafafanizike.

Anthu amakamba nkhaniyi ngati chozizwa cha tsiku limodzi. Ine ndikuona kuti yankho lija silikanatheka pakanapanda zaka zambiri za zinthu zosalembedwa, kudyera pamodzi, kulirana maliro, mphunzitsi kudziwa dzina la mwana wa wophika. Anthu amene sanakhalirane bwino masiku wamba sangagwirizane usiku umodzi, mfuti zikulira ku Nkhata Bay. Komanso tisanamizane kuti khoma linagwa lonse. Mwasi uja anatuluka mu mpingo womwewu chifukwa cha khomalo, ndipo ife a CCAP, amene tinalumikizana mu 1924 Nkhoma n'kudzalowa mu 1926, takhala zaka zambiri tikukanganirana malire a masinodi. Mayi anawerenga vesilo m'Baibulo lawo la Chichewa, mokweza, ophunzira awiri a payunivesite amene ankadutsa n'kuima kumvetsera.

Lolemba, Khondowe

M'mawa tinalowa mu Stone House, mmene tsopano ndi mosungira zakale. Muli desiki ya Laws, zida zake za udokotala, makalata ndi zithunzi. Mayi anayang'ana zithunzi za ophunzira chimodzichimodzi, magalasi ali pamphuno, kufunafuna nkhope ya bambo awo. Pansi pa zithunzi zambiri palembedwa dzina la mzungu wokhala pakati, ena onsewo angoti ophunzira. Sanawapeze. Anasankha mnyamata wina wa mzere wakumbuyo, wamakutu otambalala, n'kunena kuti ameneyu akufanana nawo, basi atenga ameneyu. Ndinamujambula pafoni.

Masana tinayenda pang'onopang'ono kupita ku mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita oposa 100. Kuseri kwa madziwo kuli mapanga mmene Aphoka ankabisalamo nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Mayi anakana kutsikirako, anakhala pamwala n'kumacheza ndi mayi wina wogulitsa mapeyala, Chichewa mbali iyi Chitumbuka mbali iyo, nkhani yake ya mitengo ya feteleza.

Pobwerera ndinawauza kuti nkhani ya makhadi pamaliro ndikaipereka ku seshoni ikubwerayi, kuti munthu amene wadwala nthawi yaitali tisamamuwerengere miyezi. Iwo akuti ndikagonja, chifukwa akuluakulu awiri amene amalankhula kwambiri m'seshoni mwathu ndi omwe anakhazikitsa lamulolo, komanso ndikapanda kuyamba ndawaona kunyumba kwawo mmodzimmodzi, akaiona ngati mwano. Akuti ndiyambe ndi amayi a Mvano, iwowo ndi amene amadziwa amene wadwala ndi amene wangolowerera.

Za Gorodi akanitsitsa, akuti kukwera kunali kokwanira, Mulungu sayesedwa kawiri. Ndiye mawa tidzera njira ya ku Rumphi, ngati galimoto ipezeke, tikagone ku Mzuzu n'kukwera basi ya ku Blantyre. Mapeyala agula 12, ndipo wonyamula ndine.